Mbusa Andrew Murray wa ku Wellington (1828–1917): Mlaliki Amene Adakhalitsidwa Chete

M'buku la chikumbutso ngati lino, m'mene tikuŵerenga maina a anthu amene Mulungu adaŵatuma kudzabzala Eklesia wake m'maiko athu ano, dzina la Murray silingasoŵe. A ku Mvera amakumbukira Mbusa A.C. Murray, amene pamodzi ndi Mbusa T.C.B. Vlok adamanga msasa m'dziko la Mfumu Chiwere m'chaka cha 1889. A ku Nkhoma amakumbukira Mbusa W.H. Murray, amene adatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika. Abale athu a ku Zimbabwe amakumbukira Mbusa A.A. Louw, amene adayamba mishoni ya Morgenster m'chaka cha 1891, ndipo mai ake adali mwana wa m'banja lomwelo. Atatu onseŵa adasiya kumudzi kholo limodzi limene linkaŵapempherera ndi kuŵafunira thandizo. Kwa aŵiri oyambawo adali bambo wamkulu, kwa wachitatuyo adali atsibweni. Ameneyu ndiye Mbusa Andrew Murray wa ku Wellington, m'dziko la South Africa.

Iye sadaŵetepo mpingo uliwonse wa kuno. Ambiri a ife tidakomana naye m'mabuku ake pamene tinali pa sukulu ya ubusa, ndipo chithunzi chake chimene tidazoloŵera ndi cha nkhalamba yoŵerama msana, ya nkhope yofatsa, yooneka ngati sidakwiyepo chibadwire. Nkwapafupi kuganiza kuti adabadwa wotero. Sadabadwe wotero ai. Adali munthu wa mtima wotentha, wosadziŵa kupuma, wolemedwa ndi katundu amene ankamubisa pansi pa ntchito zambiri, ndipo padapita zaka zoposa 30 za ubusa asanalole kuti Mwini ntchito amutule katunduyo. Za masukulu amene adayambitsa ndi za mabuku ake ena adalemba kale mokwanira. Pano ndifuna tione m'mene Ambuye adagwirira ntchito m'kati mwa munthuyo.

Andrew Murray adabadwa pa 9 Meyi 1828 ku Graaff-Reinet, m'nyumba ya mbusa. Bambo ake, amenenso dzina lao lidali Andrew, adachokera ku Scotland m'chaka cha 1822 kudzatumikira mpingo wa Dutch Reformed, umene masiku amenewo udali ndi abusa ochepa kwambiri. Mai ake adali Maria Stegmann. Ana a m'nyumbamo adakula akudziŵa kuti Lachisanu lililonse madzulo bambo ao amadzitsekera m'chipinda kupempherera chitsitsimutso, ndipo adachita chomwecho zaka zambiri osaona yankho. M'chaka cha 1838 Andrew ndi mkulu wake John adatumizidwa ku Aberdeen, kwa mbale wa bambo ao, kuti akaphunzire. Andrew adali ndi zaka 10 pamene adakwera sitima ya pamadzi, ndipo sadaonenso nkhope ya mai ake kufikira atakwanitsa zaka 20. Mwana wotero amaphunzira msanga kudzisungira za kukhosi ndi kuima pa yekha. Ine ndiganiza kuti chizoloŵezi chimenechi chidamutsata mpaka ukulu.

Atatsiriza maphunziro ao ku Marischal College m'chaka cha 1845, anyamata aŵiriwo adapita ku Utrecht, m'dziko la Holland, kukaphunzira za ubusa ndi kukakonza Chidatchi chao chimene adayamba kuiŵala. Adapeza aphunzitsi ambiri ozizira pa chikhulupiriro, oyesa zonse ndi nzeru za munthu, kotero adaloŵa m'kagulu ka ophunzira opemphera kotchedwa Sechor Dabar, kamene anzao ankakanyodola. Kumeneko, chakumapeto kwa chaka chomwecho, Andrew adalembera makolo ake kuŵadziŵitsa kuti wabadwa mwatsopano. Adadzozedwa ubusa ku The Hague pa 9 Meyi 1848, tsiku lomwe adakwanitsa zaka 20.

M'chaka cha 1849 adaikidwa ku Bloemfontein, kutsidya kwa mtsinje wa Orange. Dera la mpingo wake lidali lalikulu kuposa dziko lonse la Malaŵi ndi nyanja yake yomwe, ndipo poyamba mbusa wa mpingo umenewo m'dera lonselo adali iye yekha. Kuonjezera apo ankaoloka mtsinje wa Vaal kukalalika kwa Mabunu amene adasamukira kumpoto opanda mbusa ndi mmodzi yemwe. Ankayenda masabata ambiri pa kavalo ndi pa ngolo. Akafika pamene anthu asonkhana ankalalika, kubatiza ana ochuluka, kufunsa a kalasi, kudalitsa maukwati, m'maŵa mwake nkupitirira. Pa umodzi wa maulendo ameneŵa adadwala kwakayakaya, ndipo thupi lake silidabwerere msanga. Pa gome adali waukali. Ankalalika za tchimo ndi za chiweruzo ndi mphamvu zake zonse, ndipo anthu ankamulemekeza, koma ambiri ankamuopanso. M'chaka cha 1853 anthu a m'deralo adamutuma ku England kukapempha boma la Britain kuti lisaŵasiye, koma pempho lao lidakanidwa. M'chaka cha 1856 adakwatira Emma Rutherfoord, mwana wa munthu wamalonda wa ku Cape Town, mai wa mtima wodekha amene adayenda naye zaka 48.

Akadaŵerenga lipoti la zaka zimenezi pa Sinodi, nthumwi zikadaombera m'manja, ndipo zikadachita bwino. Koma mwini wake, atakalamba, adapereka lipoti lina. M'chaka cha 1895, ali ndi zaka 67, adapemphedwa ku msonkhano wa ku Keswick, ku England, kuti asimbe za moyo wake wauzimu. Adafotokoza kuti pa zaka khumi zoyamba za ubusa wake adali wachangu ndi wokonda ntchito monga wina aliyense, koma m'kati mtima wake udali wosakhuta ndi wosapeza mpumulo. Sankakayika kuti machimo ake adakhululukidwa. Chimene chinkamuŵaŵa nchakuti ankalalikira ena za mtendere ndi za mphamvu yogonjetsa tchimo, pamene iye mwini ankangolimbana, kugwa, kudzuka ndi kulimbananso, osafika pamene Mau ankamulonjeza. Ndipo mankhwala amene ankadzipatsa adali amodzi okha, ndiwo kuonjezera ntchito.

Abale anga abusa, nthenda imeneyi tonse timaidziŵa, ngakhale sitiitchula pa Presbiterio. Mbusa amene mwana wake wasiya njira, kapena amene m'nyumba mwake mulibe kumvana, kapena amene adalasidwa ndi mau a akulu a mpingo zaka zapitazo ndipo chilondacho sichidapole, kaŵirikaŵiri sakhala pansi. Amayenda m'miraga yonse, amayambitsa chomanga china, amavomera kukhala m'komiti iliyonse, ndipo ife timamuyamika kuti ngwolimbika. Ine ndidakhalapo wotero zaka zingapo, ndipo palibe adandifunsa kanthu, pakuti ntchito inkayenda.

Kugwedezeka koyamba kudafika m'chaka cha 1860, pamene Murray adasamukira ku mpingo wa Worcester. Chaka chimenecho mphepo ya chitsitsimutso idayamba kuomba m'mipingo ya m'chigawo cha Cape. Tsiku lina la Mulungu madzulo achinyamata adasonkhana m'kanyumba kena kupemphera, motsogozedwa ndi J.C. de Vries, amene pambuyo pake adakhala mbusa nalemba zimene adaona. Mtsikana wina wa zaka ngati 15, wa mtundu wa Makaladi, wantchito pa famu ina, adapempha kuti nayenso apatsidwe mpata. De Vries adayamba wazengereza, kenaka adalola. Mtsikanayo ali m'kati mopemphera, padamveka mkokomo ngati wochokera kutali, ndipo posachedwa onse m'nyumbamo adayamba kupemphera nthaŵi imodzi, ena mofuula, ena akulira. Mkulu wina wa mpingo adathamanga kukaitana mbusa. Murray adaloŵa, nayendayenda pakati pao akulamula kuti akhale chete, naŵakumbutsa kuti iye ndiye mbusa wao. Palibe adamumva. Adayambitsa nyimbo, koma palibe adaimba. Pomaliza adanena kuti Mulungu ndi wa dongosolo ndipo apa pali chisokonezo chokhachokha, natuluka.

Taonani m'mene zidakhalira. Chinthu chimene bambo ake adachipempherera zaka zoposa 30 chidafika, ndipo mwana wao adaimirira kuchiletsa, chifukwa sichidadzere pa khomo limene iye adakonza, ndiponso sichidamvere liu lake. Patapita masiku pang'ono, pa msonkhano wina umene ankatsogolera yekha, zomwezo zidachitikanso, ndipo adayambanso kuletsa anthu. Pamenepo mlendo wina amene adaima pa khomo, amene adali atangochokera ku America kumene adaona zotere, adamuyandikira namuchenjeza mwakachetechete kuti asamale, pakuti umene ukugwira ntchito ndi Mzimu wa Mulungu. Murray adamvera. Kuchokera apo adaleka kulimbana nacho chitsitsimutsocho, nayamba kuchiŵeta, kuphunzitsa otembenuka ndi kuongola pamene padapotoka. Sindikunena kuti mantha ake adali opanda pake konse, pakuti aliyense amene adaonapo misonkhano yotere adziŵa kuti pamodzi ndi tirigu pamamera namsongole. Koma tsiku limenelo adaona koyamba kuti Mulungu angathe kugwira ntchito mu mpingo wake iye ataimikidwa pambali.

Pofuna kuthandiza otembenuka a nthaŵi imeneyo adalemba kabuku ka m'Chidatchi kofotokoza Yohane 15, za mpesa ndi nthambi zake, kamene kadatuluka m'chaka cha 1864. Kadali ndi mitu 31, umodzi pa tsiku lililonse la mwezi. Chiphunzitso chake chidali chakuti nthambi siivutika kuti ibale, koma imangokhala mu mpesa, ndipo madzi a mpesawo ndiwo amabala zipatso. Kabukuka kadathandiza anthu osaŵerengeka. Komabe ku Keswick kuja mlembi wake adaulula kuti pamene ankakalemba adali asanalaŵe zonse zimene adalembamo. Adaona choonadi ndi maso, nachifotokoza bwino, koma mapewa ake adali asanatule kanthu.

Zaka zotsatira sizidamupatse mpata wotula. M'chaka cha 1862, ali ndi zaka 34 zokha, adasankhidwa kukhala Mtsogoleri wa Sinodi, udindo umene adausenza kasanu ndi kamodzi m'moyo wake. Sinodi imeneyo idali ya mikuntho. Mkulu wina wa mpingo, dzina lake Loedolff, adakasuma ku bwalo la boma, ndipo bwalolo lidagamula kuti nthumwi zochokera kunja kwa malire a Cape zilibe malo m'Sinodimo. Kenaka padabuka mlandu wa abusa aŵiri, J.J. Kotzé wa ku Darling ndi T.F. Burgers wa ku Hanover. Kotzé adakana mau a mu yankho la funso 60 la Katekisma wa Heidelberg, onena za kupendekera kwa mtima wa munthu ku zoipa. Mpingo utaŵalanga, onse aŵiri adathamangira ku mabwalo a boma, napambana. Murray adaima yekha pamaso pa oweruza kuteteza ufulu wa Eklesia wodzilamulira pa za chiphunzitso, ndipo m'chaka cha 1866 adapita ku London kukachita apilo ku bwalo la Privy Council. Kumenekonso mpingo udagonja. Adabwerera ku Cape Town, kumene adali mbusa kuyambira 1864, atatopa ndiponso atagonja.

M'chaka cha 1871 adavomera kuitana kwa mpingo wa Wellington, kamzinda kakang'ono ka pakati pa minda ya mpesa. Ena adayesa kuti wapita kukapuma. Koma m'chaka cha 1874 adatsegula sukulu ya atsikana ya Huguenot, ataitanitsa aphunzitsi aŵiri, Abbie Ferguson ndi Anna Bliss, kuchokera ku Mount Holyoke ku America. M'chaka cha 1877 adatsegula sukulu yophunzitsa amishoni. Ankafunafuna yekha ndalama za zonsezi, ankalemba mabuku, ankaŵeta mpingo, ndipo m'chaka cha 1879 adayenda ulendo wautali wolalika m'mipingo yambiri, kulankhula kangapo pa tsiku kwa masabata otsatizana.

Chakumapeto kwa chaka chimenecho mmero wake udakana. Mau adasasa, kenaka kulankhula kudasanduka chinthu choŵaŵa, ndipo madokotala adamulamula kuti aleke kulalika ndi kuchepetsa ngakhale kucheza kwa m'nyumba. Adayesa kukakhala ku dera louma la Karoo kuti mwina mpweya wa kumeneko umuthandiza. Ankapezako bwino pang'ono, nayesa kulalika, nthenda nkubwereranso. Zidatero kwa zaka zoposa ziŵiri. Tiganize za munthu wa zaka 51, mlaliki wodziŵika m'dziko lonse, amene chiyambire unyamata wake adazoloŵera kuti akatsegula pakamwa anthu amatchera khutu, tsopano akukhala pa mpando m'tchalitchi mwake momwe, wina akulalika pa gome lake. Mulungu sadamulande mwendo kapena diso. Adamulanda chida chenicheni chimene ankathaŵirako. Misonkhano idachitika iye palibe, masukulu sadatsekedwe, mpingo sudafe. Zimene adaziona kwa usiku umodzi ku Worcester, tsopano adakhala nazo miyezi yoposa 24.

M'miyezi ya chete imeneyi adatenganso kabuku kake ka pa Yohane 15, nakalemba m'Chingerezi, ndipo kadatuluka m'chaka cha 1882 ndi dzina lakuti Abide in Christ. Nkovuta kuganiza kuti munthu angabwereze mitu 31 yonena za nthambi yosatha kuchita kanthu pa yokha, iye ali wosatha ngakhale kuŵerenga Mau mokweza pa mapemphero a m'banja lake, osaimva mwatsopano.

M'chaka chomwecho cha 1882 iye ndi mkazi wake adapita ku Ulaya kukafuna thandizo. Ku London adaonana ndi dokotala nayamba kulandira mankhwala. Komweko adakomananso ndi Mbusa Otto Stockmayer, amene ankaphunzitsa za kuchiritsidwa mwa chikhulupiriro, ndipo adaloŵa m'nyumba yotchedwa Bethshan, imene W.E. Boardman ndi anzake adaitsegula kuti odwala azikhalamo akuphunzira Mau ndi kupemphereredwa monga mwa Yakobo 5. Murray sadaloŵemo ndi mtima wofulumira. Adali ndi funso limene m'maso mwanga lidali la nzeru: ngati nthendayi yamuphunzitsa zambiri chotere, kodi nkoyenera kupempha kuti ichoke? Adakhala m'nyumbamo masabata atatu. Chimene adachipeza nchakuti tsiku ndi tsiku ankamuchotsa maso pa mmero wake ndi kuŵaika pa Ambuye. Ankamufunsa za kudzipereka kwathunthu, za machimo osaululidwa, za kudzidalira, za kupereka thupi lomwe kuti likhale la Khristu. Adapita kukafuna mau ake, koma adapezeka akufufuzidwa mtima. Adatuluka atachira, ndipo nthenda ya mmero sidamuvutenso. Adalalika zaka zina zoposa 30.

Za mmerowo anthu angathe kutsutsana, ndipo adatsutsanadi. Wina anganene kuti zaka ziŵiri za kupuma zidachita mbali yake. Koma pali umboni wina umene sutsutsika msanga, ndiwo wa a m'nyumba mwake. Mbusa angathe kunyenga mpingo, koma sanganyenge ana ake. Mwana wake wamkazi adasimba pambuyo pake kuti bambo ao adabwerako ku England ali munthu wina. Kuuma kuja kudasungunuka, ndipo m'malo mwake mudadza kukoma mtima kosatekeseka ndi kuganizira ena, zimene zidakhala chizindikiro chake mpaka imfa. Amene adamudziŵa ku Bloemfontein ndi ku Worcester ankazizwa pomuona. Changu sichidathe, pakuti mabuku ake ambiri odziŵika, monga With Christ in the School of Prayer la 1885, adaŵalemba pambuyo pa nthaŵi imeneyi, ndipo mabuku ndi timabuku take tonse tidafika pafupi 240. Chidatha ndi kuthamangitsidwa kwa m'kati. Kale ankagwira ntchito ngati munthu wothaŵa ngongole. Tsopano ankagwira ngati mwana m'munda wa bambo ake.

Pano ndiyenera kunena mosabisa pamene ndisiyana naye. M'chaka cha 1884 adatulutsa buku lonena za Yesu monga mchiritsi wa odwala, ndipo m'menemo adapita patali, kufikira kuphunzitsa ngati kuti wokhulupirira amene wadzipereka kwathunthu angayembekeze kuchira popanda mankhwala. Abusa anzake ambiri sadavomereze, ndipo pa mfundo imeneyi ndiganiza kuti iwo ndiwo adalondola. Chimene Mulungu adachitira munthu mmodzi mwa chifundo chake sitingachisandutse lamulo la onse. Tidaona m'mipingo yathu anthu akutaya mankhwala chifukwa cha chiphunzitso chotere, ndipo tidaŵaika m'manda. Tidaonanso choipa china chobisika, ndicho kuuza wodwala amene sadachire kuti vuto ndi chikhulupiriro chake, kotero kuti pamwamba pa nthenda timusenzetsa katundu wachiŵiri. Paulo adapempha katatu za munga wa m'thupi lake, monga tiŵerenga pa 2 Akorinto 12, ndipo mungawo sudachoke. Mishoni imene Murray adathandiza kuyambitsa idatumiza madokotala ndi anamwino, ndipo m'chaka cha 1915 ku Nkhoma kudayamba chipatala.

Ndipo moyo wake womwe udaonjezera mutu umene bukulo lidalibe. Pa ulendo wina wolalika adachita ngozi ya ngolo navulala msana, ndipo chilemacho sichidachoke. Ndicho chifukwa chake zithunzi za ukalamba wake zimamuonetsa woŵerama. Makutu adayamba kugontha. Mabuku ake ambiri sadaŵalembe ndi dzanja lake, koma ankanena mau, mkazi wake kapena mwana wake nkumalemba. Ena mwa ana ake adatsogola iye akali moyo. Pa nkhondo ya 1899 mpaka 1902 mtima wake udang'ambika pakati, pakuti adali mwana wa Mskotchi, mwamuna wa mai wachingerezi, ndiponso mbusa wa Mabunu, ndipo zimene adalemba popempha mtendere sizidaletse nkhondoyo. Mu Januwale 1905 Emma adamwalira. Zonsezi sizidachiritsidwe monga mmero uja. Koma amene adamuona m'zaka zimenezi sadaone munthu wobwerera ku nkhaŵa zake zakale. Apa ndipo pamene ine ndimatsimikiza kuti chimene chidachitika m'chaka cha 1882 chidali chozama kuposa mmero, pakuti chidapirira pamene thupi lidakana kuchira.

Pali katundu wina amene sadatulidwe, ndipo buku la Sinodi siliyenera kumulambalala. M'chaka cha 1857 Sinodi ya ku Cape idalola kuti, chifukwa cha kufooka kwa ena, Akhristu osakhala azungu azipembedza m'nyumba zapadera, ndipo amene adapereka mau a chigamulocho adali bambo ake a Murray. Patangopita zaka zitatu Mulungu adayatsa moto wa ku Worcester kudzera pakamwa pa mtsikana wa mtundu womwewo umene udapatulidwa. M'chaka cha 1881, m'nthaŵi yomwe Murray adali chete, mpingo wapadera wa Makaladi udakhazikitsidwa ku Wellington komweko. Iye adakonda anthu a mitundu yonse nagwira ntchito yaikulu kuti amve Uthenga, koma khoma limeneli sadaligwetse, ngakhale adatsogolera Sinodi kasanu ndi kamodzi. Chilondacho chidakula m'zaka zotsatira mpaka kudzetsa zoŵaŵa zimene tonse a m'chigawo chino tidazimva, ndipo mpingo womwe udabadwa mu 1881 uja ndiwo udavomereza Chivomerezo cha Belhar m'chaka cha 1986. Munthu angachiritsidwe m'kati moona, nakhalabe ndi malo ena amene sadaone. Sindinena izi pofuna kumunyoza. Ndinena chifukwa nafenso tidzaŵerengedwa ndi adzukulu athu.

Kwa ife a kuno chipatso chachikulu cha zaka zake za pambuyo pa kuchira chidayamba m'chaka cha 1886. Chikwama cha mishoni cha Sinodi chidali chopanda mphamvu yoyamba ntchito yatsopano, kotero Murray ndi abusa anzake adapanga bungwe la abusa okhaokha, aliyense nalonjeza kupereka kuchokera m'malipiro ake. Murray adali wapampando wake. Bungwe limeneli ndilo lidatuma A.C. Murray, amene adafika ku nyanja m'chaka cha 1888, ndipo Mvera idatsegulidwa mu Novembala 1889. Kongwe idatsata mu 1894, Nkhoma mu 1896. M'chaka cha 1899 mpingo wa ku Orange Free State, dera lomwe lija adaliyenda pa kavalo ali mnyamata, udayamba ntchito ku Magwero, m'dziko limene lero ndi Zambia. Amishoni ambiri a zaka zoyambazo adadzera m'masukulu a ku Wellington. Munthu amene kale ankafuna kugwira zonse ndi manja ake adatuma ana a abale ake ku dziko la malungo, kumene kalata inkatenga masabata ambiri, ndipo chimene akadatha kuchita chidali kupemphera, kulemba ndi kudikira.

Adapuma pa ubusa wa mpingo wa Wellington m'chaka cha 1906, atautumikira zaka 35, nakhalabe m'nyumba yake yotchedwa Clairvaux. M'chaka cha 1913, ali ndi zaka 85, adapita ku Bloemfontein, kumene adayambira ubusa, kukakhala nao pa mwambo wotsegula chipilala chokumbukira amai ndi ana amene adafera m'misasa ya nkhondo. Zaka zake zotsiriza adazitha akukonza timabuku tating'ono toloŵa m'thumba, ta mutu umodzi pa tsiku kwa mwezi wathunthu, monga kabuku kake ka 1864 kaja, mwana wake wamkazi akulemba zimene iye ankanena. Adamwalira pa 18 Januwale 1917, ali ndi zaka 88, naikidwa ku Wellington. Nthaŵi imeneyo W.H. Murray ndi anzake adali akali pa ntchito yomasulira, ndipo Buku Lopatulika lathunthu lidasindikizidwa m'chaka cha 1922.